A Chikafa ndi Madzi a Kuseri kwa Mageti

A Lameck Chikafa anamwalira sabata yatha, ndipo galimoto yozimitsa moto inawaperekeza ndi sayirini kuchokera kunyumba kwawo ku Kawale. Sinafike kumanda. Titangotuluka m'tauni, dalaivala anaima pambali pa msewu, analiza sayirini komaliza, n'kutembenuka kubwerera kusiteshoni. Achibale ena anadandaula kuti tawachititsa manyazi. Mayi a kunyumba kwawo ndiwo anawatontholetsa. Anati galimotoyo ikanapitirira mpaka kumudzi, mwiniwakeyo akanadzuka m'bokosimo kudzafunsa kuti tauni tasiyira ndani.

Ndinagwira nawo ntchito kuyambira tsiku limene ndinalowa pasiteshoni mpaka pamene anapuma. Anayamba ngati dalaivala, kenako woyendetsa pampu, pomaliza mkulu wa shifiti yathu. Tonse tinkawatchula kuti Madala, ngakhale a Kaliwo, mkulu wa siteshoni, amene ankakangana nawo pafupifupi tsiku lililonse.

Pamaliropo panali munthu mmodzi amene anakana kusinthana ndi anzake ponyamula bokosi. Anali a Gwaza. Kale anali mlonda panyumba ina ku Area 43, ndipo ntchito imeneyo inawathera chifukwa cha a Chikafa. Nkhani ya anthu awiriwa ndi imene ndikufuna kulemba, koma singamveke ndisanafotokoze za madzi.

Galimoto yozimitsa moto imaoneka yaikulu, koma thanki yake siichedwa kutha. Ukatsegula mapaipi awiri pamoto wokwiya, posakhalitsa umamva pampu ikusintha kulira. Mipopi ya m'misewu, imene timayenera kulumikizapo, ilipo ndithu. Koma ina inakwiririka ndi dothi, ina anthu anamangapo mabenchi a malonda, ndipo nyengo yotentha madzi akasiya m'dera lonse, nayonso imangotulutsa mpweya. Madzi akakuthera pamoto, anthu sakhulupirira kuti anatha. Amati unabwera wopanda madzi.

A Chikafa anali ndi chipsera pamwamba pa diso lamanzere. Anachipeza ali achinyamata, pamene mzere wa masitolo unapsa ku Old Town. Madzi anawathera moto uli pakati, ndipo khamu linayamba kugenda. Nkhaniyi ankaisimba kwa aliyense wobwera kumene pantchito, kaya wafunsa kaya sanafunse. Ankati mwala umene unawagendawo anaukhululukira kalekale. Chimene sanaiwale ndi mwini sitolo ina, Mmwenye wokalamba, amene sanatukwane. Anangowerama, n'kunyamula paipi yophwa, n'kuwayang'ana kumaso.

Kuchokera pamenepo madzi anakhala moyo wawo. M'mawa uliwonse ankakwera pamwamba pa galimoto, kutsegula chivindikiro cha thanki n'kupisamo dzanja, ngakhale geji ikusonyeza kuti thanki ndi yodzaza. Ankati geji ilibe manyazi, imatha kunama, koma dzanja likanyowa lanyowa. Wina akapezeka akutunga madzi a m'thanki kuti atsukire njinga yamoto, ankamva mawu amene sindingalembe pano. Dalaivala wina wokonda sayirini, a Chikafa ankamuuza kawirikawiri kuti moto suthawa phokoso. Ankadya ataimirira, nsapato zili kumapazi. Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi khomo. Galimoto yathu yakale ankaitchula kuti Nachisale, ndipo ikavuta kulira ankainyengerera mokweza ngati mkazi amene wakwiya, ife tikudzigwira kuti tisaseke.

Nzeru ya maiwe inabwera chifukwa cha njuchi. Tinaitanidwa ku Area 9 kukachotsa njuchi zimene zinamanga m'denga la nyumba ina yosanja, ndipo a Chikafa anakwera makwerero mpaka pamwamba penipeni. Anakhalitsa. Tinkaganiza kuti zawaluma. Kenako anatsika msanga ngati mnyamata, akupuma mofulumira.

"Iwe Yohane, kwera," anandiuza.

"Njuchizo mwamaliza, Madala?"

"Zisiye njuchi. Kwera ukayang'ane kumanzere, ubwere undiuze chimene waona."

Ndinakwera. Kuseri kwa mipanda yaitali kunali maiwe osambiramo. Nyumba iyi dziwe, iyo dziwe, kudumpha ziwiri dziwe linanso. Madzi abuluu ali phee, popanda ndi mmodzi yemwe wosambira.

"Ndaona maswimingi pulu," ndinatero nditatsika.

"Waona mathanki, mbuli iwe. Ife tikugendedwa kunja kuno, madzi akungoothera dzuwa kuseri kwa mpanda."

Tsiku limenelo njuchi tinazichotsa mochedwa, chifukwa aliyense wa ife anakakamizidwa kukwera kuti akaone yekha.

Musitolo ya pasiteshoni, mosungira zipangizo, munali kapampu ka petulo, konyamula anthu awiri, kamene kanatayidwa kalekale. A Chikafa anakaphwasula pakhonde, n'kukatsuka chidutswa chimodzichimodzi mpaka kanalira. Anakaika m'kabati ya galimoto. A Kaliwo analamula kuti kachotsedwe chifukwa kankadya malo a zipangizo zina. Kanachotsedwa. M'mawa mwake kanapezekanso momwemo. Zinatero kwa miyezi, mpaka a Kaliwo anatopa n'kumangoyenda osayang'ana mbali imeneyo.

Masiku awo opuma, a Chikafa ankavala yunifolomu, kukwera njinga, n'kumagogoda mageti ku Area 9, ku Area 10 ndi ku Area 43. Pempho lawo linali limodzi: tsiku la ngozi, mudzatilole kutunga m'dziwe lanu. Vuto linali lakuti masana eni nyumba amakhala kuntchito ku City Centre. Ankangopeza alonda, osamalira maluwa ndi agalu. Ankalankhula nawo kudzera pakawindo ka pageti. Uthenga ukafika kwa mabwana, yankho linkabwera lakuti tiona, kapena silinkabwera n'komwe.

"Madala, mwandibweretsera madandaulo ena," a Kaliwo anawauza tsiku lina tili pamzere wa m'mawa. "Akuti pali wozimitsa moto amene akusuzumira m'mipanda ya anthu."

"Sindisuzumira, bwana. Ndimagogoda."

"Ndiye mukagogoda?"

"Amandiyankha agalu."

"Tsiku lina adzakuyankhani apolisi. Tamverani. Ine ndikumenyera kuti atipatse galimoto yonyamula madzi ndi anthu owonjezera. Inu mukufuna ndikauze akuluakulu kuti tapeza njira, tizikatunga posambira pa anthu? Adzati ndiye basi, vuto latha."

"Galimoto yanuyo ikubwera liti?"

"Ikubwera."

"Moto ndiwuuze choncho?"

A Kaliwo sanali munthu wopusa, ndipo mfundo yawo inali yoona. A Chikafa ankadziwa zimenezo. Ankangoti munthu mmodzi azimenya nkhondo ya m'maofesi, wina ya m'mageti, ndipo asapondane. Koma ankapondana. Ndinawaonapo akukangana kuyambira pakhomo la ofesi mpaka pomwera tiyi, wina akuthirira mnzake shuga mkangano uli mkati.

Tsiku la a Gwaza linali la mu Okutobala, masana, dzuwa likuswa mtengo. Mbali imeneyo ya mzinda madzi anali atasiya kuyambira dzulo lake. Galimoto yathu yachiwiri inali kugalaja. Belu litalira tinathamangira ku Area 43 ndi Nachisale yekha, ndipo utsi tinauona tisanakhote kuchoka mumsewu waukulu.

Moto unayambira kukhitchini n'kulowa m'siling'i. Eni nyumba anali kuntchito. Wosamalira maluwa anatithamangira akukuwa kuti wantchito wa m'nyumba, Esinala, watsekeredwa m'chipinda chochapira kuseri. Khomo lake linkatulukira mukolido imene inali kuyaka, ndipo windo linali ndi zitsulo zotchinga akuba. Tinamuona. Anali atatulutsa manja onse awiri pakati pa zitsulozo, nkhope ataikanikiza pamenepo kuti apeze mpweya.

A Chikafa anagawa ntchito akuyenda. Awiri kukadula zitsulo. Awiri kuthira madzi padenga pamwamba pa chipindacho, kuti moto usatsikire pamutu pa mtsikanayo. Zitsulo zinali zokhuthala, zolowa m'khoma, zopangidwa ndi munthu amene ankafunadi kuti wina asadzalowe. Zinkadulika pang'onopang'ono.

Kenako pampu inasintha kulira. A Chikafa anamva tonsefe tisanamve. Anathamangira kwa ogwira paipi n'kuwauza kuti azithira modukiza, asataye ndi dontho lomwe. Atatero ananditembenukira.

"Yohane, kapampu. Tiye."

Tinakanyamula awiri, iwo nkhwangwa ili kudzanja linalo, n'kuthamangira kugeti lakuda la nyumba yoyandikana. Ankadziwa kuti kuseri kwake kuli dziwe lalikulu. Ankamudziwanso mlonda wake. Pamaulendo awo a panjinga anali atachezapo naye kangapo pakawindo kaja, mpaka kupatsirana tiyi.

"A Gwaza, ndine. Tsegulani."

Kawindo kanatseguka. "Ndakuonani, a Chikafa. Sindingathe."

"Muli mwana wa munthu m'nyumba ikuyakayo."

"Ndikumumva. Timayenda limodzi m'mawa kuchokera ku Kauma. Koma adona anandiuza kuti kaya apolisi, kaya a magetsi, kaya a madzi, yunifolomu iliyonse, osatsegula."

"Aimbireni."

"Ndaimba kale. Foni ndi yothimitsa, ali pamsonkhano."

Lamulo limenelo silinali la nkhanza. Mwini nyumbayo, mayi Tembo, anaberedwapo masanasana ndi anthu amene anavala maovolosi n'kunena kuti abwera kudzawerenga mita. Anawamanga iwo ndi ana awo m'bafa. Mlonda wa nthawiyo anachotsedwa, ndipo a Gwaza analembedwa ndi lamulo limodzi lokhalo. Anali ndi ana kusukulu. Zonsezi a Chikafa ankazidziwa.

Pamwamba pa mpanda panali waya wa magetsi. Getilo linali lachitsulo chokhachokha, loko ali mkati. Ndinayang'ana nkhwangwa ija ndikuganiza kuti ayamba kumenya. M'malo mwake anaiika pansi. Anavula chisoti, n'kuyandikiza nkhope pakawindo.

"Achimwene, sindikukulamulani. Ndilibe mphamvu pa inu. Ntchito ikakutherani, ine ndidzayenda nanu mpaka mutapeza ina. Koma madzi atsala a mphindi zochepa, ndipo zitsulo sizinaduke."

Kuseriko denga linagwa mbali ina, ndipo anthu amene anasonkhana mumsewu anakuwa pamodzi. Kawindo kanatsekeka. Ndinaganiza kuti zatha. Kenako tinamva makiyi.

Sindinathamangepo ngati tsiku limenelo. Tinadutsa pakapinga, kuponda maluwa, kugwetsa mpando, mpaka pamphepete pa dziwe. Ndinaponya paipi yokoka m'madzi. A Chikafa anakoka chingwe cha kapampu, kanatsokomola n'kukhala chete. Anakokanso, chimodzimodzi. Anagwada, kukasisita, n'kukauza motsitsa mawu kuti lero si tsiku lochititsana manyazi. Atakokanso kanalira, ndipo ndikukuuzani kuti nyimbo yokoma ngati imeneyo sindinaimvenso. Paipi imene inali itagona yophwa pakapinga inafufuma, inauma, inagwedezeka yonse mpaka kugeti.

Amene anaikoka kutuluka nayo pageti anali a Gwaza eniake, chipewa chawo chitagwa, agalu a adona akuthawira mumsewu pakati pa miyendo yawo. Madziwo tinawalowetsa m'thanki ya Nachisale, ndipo pampu yaikulu inabwerera m'mawu ake. Ogwira paipi anatsegula zonse. Madzi onunkha mankhwala anagwera padenga, nthunzi inakwera yoyera, ndipo odula zitsulo anapitiriza akunyowa. Chitsulo chomaliza chitapindika, anamukoka Esinala pawindo ngati mtolo. Anali wamoyo, akutsokomola, tsitsi litawauka mbali imodzi. Amayi antchito a m'nyumba zonse za mumsewuwo analuluta mpaka makutu kuwawa.

Theka la nyumbayo tinalipulumutsa. Moto utazimiratu ndinabwerera kukatenga kapampu, ndipo ndinapeza a Chikafa atatsika pamasitepe a dziwe lija, limene linali litatsala pang'ono kuuma. Anakhala pansi m'madzi ofika m'chiuno, yunifolomu ndi nsapato zili m'thupi, akuseka okha.

"Yohane, bwera udzasambe. Sudzalowanso muno moyo wako wonse."

Ndinalowa. Anyamata ena analowanso. A Gwaza anaimirira pamphepete akutiyang'ana, osaseka.

Sabata yomweyo a Gwaza anachotsedwa ntchito.

A Chikafa anapita ku City Centre kukaonana ndi mayi Tembo kuofesi kwawo, ndipo ananditenga. Tinadikira pamipando yofewa, nsapato zathu zikuchita manyazi pamatailosi. Atatilowetsa, a Chikafa sanachedwe.

"Mayi, mlandu ndi wanga. Munthu uja ndinamuopseza ndi nkhwangwa."

"Bambo, pageti panga pali kamera. Nkhwangwayo munaiika pansi."

A Chikafa anakanda chipsera chawo.

"Musandione ngati chilombo," anapitiriza mayi Tembo. "Mtsikana uja ndakamuona kuchipatala. A Gwaza anachita bwino, ndipo ndawauza pamaso. Ndikanakhalapo ndikanatsegula ndekha. Koma inu simunamangidwepo m'bafa pamodzi ndi ana anu. Ine sindingagone kuseri kwa geti la munthu amene amasankha yekha woti amutsegulire. Lero anali inu. Mawa adzakhala ena odziwa kulankhula ngati inu."

"Nanga dziwe?"

"Dziwe tengani. Tsiku lililonse limene mudzalifune. Ndiwauzanso anzanga a m'dera."

Anachitadi zimenezo. Nkhaniyi anaikamba pamsonkhano wa eni nyumba, ndipo anagwirizana kuti wololeza apake kachizindikiro kabuluu pachipilala cha geti, ndiponso auze mlonda wake kuti galimoto yozimitsa moto ikaima panja, utsi ukuoneka, atsegule. Zizindikirozo zinayamba mumsewu umodzi, kenako zinafalikira. A Kaliwo, amene ankaopa kuti nkhani ya maiwe idzawaphera pempho lawo, anaitenga nkhani yomweyo kupita nayo kwa akuluakulu n'kuwafunsa ngati akukondwa kuti mzinda wapulumutsidwa ndi kapampu ka musitolo. Patapita nthawi kunabwera galimoto yonyamula madzi, mapampu atsopano onyamulika, ndi gulu la achinyamata olembedwa kumene, kuphatikizapo atsikana oyamba kuvala chisoti pasiteshoni yathu. Kutunga m'dziwe kunakhala phunziro la aliyense. Lero galimoto iliyonse imatuluka ndi kapampu kake, ndipo palibe amene amafunsa kuti kakudya malo.

Tsiku limene galimoto yonyamula madzi inafika, siteshoni yonse inachita phwando. Tinaizungulira, tinaikwera, tinaliza hutala mpaka oyandikana nafe kudandaula. A Kaliwo anaitana a Chikafa kuti alankhule. Anaimirira, anayang'ana galimotoyo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, nati ndi yokongola, ndipo a Kaliwo amenya nkhondo yabwino. Kenako anati munthu amene anatsegula geti akutchetcha udzu m'mphepete mwa msewu, choncho iwo fanta samwa. Anakhala pansi.

Anali atayambiranso kuyenda m'mageti, ulendo uno kufunira a Gwaza ntchito. Ankapita nawo limodzi monga analonjezera. Nkhani inali itamveka paliponse, ndipo kulikonse ankalandiridwa bwino. Eni nyumba ankagwira a Gwaza chanza ndi manja awiri, kuwayamikira, ena kuwajambula pafoni. Akafika pa za ntchito, aliyense ankapezeka kuti ali kale ndi mlonda. Ngakhale makomo a zizindikiro zabuluu ankatero. Anthu ankafuna kuti geti la mnzawo litsegulidwe, koma pageti lawo ankafuna munthu womvera.

Zimenezi zinawadya a Chikafa kuposa mwala wa ku Old Town. Anasiya kusimba nkhani ya chipsera. Mnyamata watsopano akawapempha kuti asimbe za dziwe, ankamuuza kuti nkhaniyo sinathe, adzaisimba ikatha. A Gwaza eniake ankawaletsa. Ndinawamvapo akunena kuti makiyi anali m'manja mwawo, palibe anawakakamiza, ndipo Esinala akamawapatsa moni panjira iwo amaona kuti zakwana. A Chikafa ankayankha kuti moni sadyetsa ana.

Nthawi yawo yopuma pantchito inakwana zinthu zili choncho. Anatsanzika mwachidule, anapereka yunifolomu, koma sanasiye kubwera. Anamva kuti pa malo atsopano a ntchito amene siteshoni yapatsidwa pali amodzi a mlonda wa pageti. M'mawa mwake anali muofesi ya a Kaliwo, chitseko chili chotsegula, tonse tikumva.

"Madala, inu munapuma. Mukufunanso chiyani?"

"Geti."

"Ndikudziwa amene mukunena. Apemphe ngati wina aliyense. Ine sindilemba munthu chifukwa mwandikalipira."

"Sindinayambe kukalipa."

"Ofunsira ndi ambiri, ena achinyamata, ena anaphunzira za chitetezo."

"Anaphunzira kutseka. Belu likalira pano, mumafuna geti lotseka kapena lotsegula? M'tauni yonse muno muli mlonda mmodzi amene tikudziwa kuti amatsegula, ndipo mukumusiya akutchetcha udzu."

"Tulukani muofesi mwanga."

"Ndituluka. Mawa ndibwera."

Anabweradi, ndipo mkuja wake anabweranso. A Kaliwo sanagonje, ndipo ndimawalemekeza pa chimenecho. A Gwaza anapempha ngati wina aliyense, anaima pamzere, anayankha mafunso pamaso pa anthu amene sankawadziwa. Ndinamva pambuyo pake kuti atafunsidwa chifukwa chimene anachokera pantchito yawo yakale, anangoti anatsegula geti ataletsedwa, ndipo mmodzi wa ofunsawo anasiya kulemba n'kufunsa ngati ali iwo aja a ku Area 43.

Tsiku limene a Gwaza anayamba ntchito pasiteshoni, a Chikafa anafika m'mamawa atavala jekete la kutchalitchi. Belu loyamba linalira cham'ma teni koloko. Tisanamalize kukwera, geti linali kale pululu, a Gwaza ataima pambali chilili. A Chikafa anakweza manja onse m'mwamba n'kukuwa ngati timu yawo yagoletsa. Titabwerako tinawapeza atasonkhanitsa achinyamata onse pansi pa mtengo, akusimba nkhani ya dziwe kuyambira pachiyambi, njuchi ndi agalu omwe, a Gwaza akuwakonza pamene akuwonjezera.

Matenda a shuga anawafooketsa pang'onopang'ono, koma mpaka mwezi wathawu ankabwerabe, pomaliza pakabaza. M'kati mwa siteshoni sankalowanso. Ankati kumeneko n'kwa a pantchito. Malo awo anali pabenchi ya matabwa imene ili pakhoma la kanyumba ka mlonda, a Gwaza mbali ya kugeti, iwo mbali ya kumsewu.

Benchiyo ndaiyang'ana m'mawa uno. A Gwaza anakhala kumapeto kwawo, makiyi ali pabondo, ndipo sanasunthire pakati ngakhale malo alipo. Mbali inayo matabwa ndi osalala, ndipo pakhoma pali banga lakuda pamene mutu unkatsamira. Pansi pali njerwa imene a Chikafa ankaikapo mwendo wawo wotupa. Pabwalo ponse ndi posesa bwino, mizere ya tsache ikuoneka. Pofika panjerwapo, mizereyo yazungulira.